Kilo Imodzi, Mwezi Umodzi

Mu Ufumu wa Zilibwino munalibe akaidi. Munali alendo a Mfumu basi, ndipo ankagona m'nyumba ya mpanda wautali yotchedwa Pumulani. Mawu akuti ndende anawaletsa ndi Mfumu Sindilakwa Wachitatu, chaka chomwe analamulanso kuti njala izitchedwa kusala kudya kwa dziko lonse. Anthu anawomba m'manja, poti ku Zilibwino manja ankawomba okha, eni ake akuganiza zina.

Mmodzi wa alendowo anali a Lufeyo Kamtedza, wosoka maambulera, munthu wa mawu ochepa ndi thupi lochepa. Mkazi wawo, Nasimango, ndiye anali ndi zonse ziwiri zokwanira banja lonse. Iye ankagula soya ndi nandolo kwa alimi pamsika wa Onjezani, ndipo anali ndi sikelo yokoloweka imene ankaisamala kuposa abale ake ena. M'kati mwa sikeloyo anamangamo kachidutswa ka chubu cha njinga, moti thumba la makilo 50 likakwera pamenepo linkatsika lili 43. Alimi akadandaula, ankawauza kuti soya wa masiku ano ndi wopepuka chifukwa cha feteleza.

Tsiku limene oyendera masikelo anafika, Nasimango anali kumaliro a azakhali ake. Pamalo pake panali a Lufeyo, akungolondera matumba, ambulera ya munthu ili pamwendo. Kukhoti atafunsidwa kuti sikeloyo ndi ya yani, iwo anati ndi ya pakhomo pawo. Woweruza anati mwini khomo ndi mwamuna, n'kuwapatsa zaka zisanu ndi chimodzi. Nasimango anali pabenchi yachiwiri, pakamwa pali bwinobwino, koma sanatsegule. Zaka ziwiri zinatha chichitikire zimenezo, ndipo manyazi ake sanachepe ngakhale pang'ono. Lamlungu lililonse ankapita ku Pumulani ndi mbatata yootcha ndi chiponde, n'kumayang'ana amuna ake akudya. Iwo sanatchulepo za sikelo ngakhale kamodzi, ndipo kusatchulako n'kumene kunkamupweteka kwambiri.

Nkhani ya lamulo latsopano inayambira pa mlatho. A Chikhutiro, mlamu wake wa Mfumu, anali atadya mlatho wa pamtsinje wa Dikirani. Anaudya wonse, simenti, zitsulo ndi penti yomwe, n'kusiya chikwangwani ndi maliboni a maulendo awiri amene mlathowo unatsegulidwa. Zikanatha bwino, koma azungu amene anapereka mlathowo anabwera kudzauona, ndipo mmodzi wa iwo anaumirira kuti awoloke pagalimoto. Mfumu inakakamizika kuitana mlamu wake kuti akakhale mlendo ku Pumulani zaka khumi. Kuyambira tsikulo Mfumukazi, mlongo wawo wa a Chikhutiro, inasiya kuyankha moni wa Mfumu, ndipo pachitseko cha kuchipinda inaikapo loko wamkulu wa pagolosale. Chaka chitatha, Mfumu inaona masomphenya akuti malamulo a dziko pa nkhani ya alendo ndi achikale, ofunika kukonzedwa mwamsanga.

Ntchitoyo inaperekedwa kwa a Gwedeza, Nduna ya Alendo ndi Kulapa. Iwo anakaiyala nkhaniyo ku Bwalo la Eya, kumene aphungu makumi asanu ndi atatu ankakumana kuti avomereze zinthu.

"Olemekezeka," anatero a Gwedeza, atakoka buluku kuti lifike pamimba, "dziko lachitukuko silisunga munthu amene walapa. Funso ndi lakuti, wolapa mumamudziwa bwanji? Ndi pakamwa? Pakamwa aliyense amalapa, ngakhale ife muno timalapa Lamlungu lililonse. Ndi misozi? Anyezi nayenso amatulutsa misozi. Koma thupi silinama. Munthu amene mlandu wake ukumudya mumtima amaonda. Agogo athu ankadziwa zimenezi, ndipo akatswiri athu, atalandira zowayenera, atsimikiza."

Kenako anawerenga ndime zitatu za bilu yawo. Yoyamba inati kilo iliyonse imene mlendo wataya chilowereni ku Pumulani imuchotsere mwezi umodzi pa zaka zake. Yachiwiri inati amene wataya makilo 20 aloledwe kukamalizira kulapa kwake kunyumba, bola azikaonekera kupolisi akapeza mpata. Yachitatu inati amene wanenepa awonjezeredwe mwezi pa kilo iliyonse, chifukwa zikuonetsa kuti malowo akumukomera.

Aphungu anamenya matebulo. Ena anali atayamba kumenya a Nduna asanayambe kuwerenga, kuopa kuti angagone nthawi yomenyayo isanakwane. Amene anakweza dzanja anali mmodzi yekha, a Funsani, mkulu wa imvi wochokera kuchigawo cha Kutali, kumene msewu unalonjezedwa iye ali mnyamata.

"Pepani a Nduna, ndingofuna kumvetsa. Kwathu anthu amalowa ku Pumulani ali kale mafupa okhaokha. Amenewo aonda chiyani?"

"Funso labwino," anayankha a Gwedeza. "Munthu amene walowa ataonda kale ndiye kuti anayamba kulapa asanalakwe. Zikusonyeza kuti mlanduwo anachita kuukonzekera. Ameneyo ndiye woopsa kwambiri."

A Funsani anakhala pansi. Sabata yomweyo anapatsidwa ulemu wokhala kazembe kudziko lina lakutali, limene ndege yake imangopita osabwerera.

Biluyo ikanatha kudutsa tsiku lomwelo, koma aphungu a ku Zilibwino sankakonda kuoneka ngati ongovomera. Ankavomera atavutika kaye. Anakangana milungu itatu ngati mlendo ayezedwe ndi zovala kapena ayi. Anakangana milungu ina iwiri pa nkhani ya ndevu. Tsiku lina lathunthu linathera pa funso lakuti munthu akwere sikelo asanapite kuchimbudzi kapena atabwerako, ndipo mbali ziwirizo zinatsala pang'ono kugwirana makolala. Pomaliza anasankha komiti ya anthu khumi ndi awiri yoti ikaphunzire kunja mmene anthu amaondera. Komitiyo inabwerako patatha mwezi, aliyense atasintha bowo la lamba.

Kumsika wa Onjezani nkhaniyo anaimva pawailesi ya a Sumani ogulitsa nyama.

"Ine ndimayesa bizinesi yogulitsa nyama pa kilo ndi yanga ndekha," anatero a Sumani, akunola mpeni. "Kani boma nalo laiona kukoma."

"Mchimwene wanga uja wa mlandu wa mbuzi ali ndi makilo 48 atavala nsapato," anatero Jeniva wa tomato, amene benchi yake inali pafupi ndi ya Nasimango. "Akachotsapo 20 tikalandira nsapatozo."

"Ndiye phunziro lake n'loti munthu uziyamba wanenepa kaye, kenako uzikaba."

"Nanga kunenepako uchita nako bwanji usanabe, a Sumani?"

Anthu anaseka, ataona kaye kumanzere ndi kumanja. Nasimango sanaseke. Iye ndiye ankadziwa makilo kuposa aliyense pamsikapo, munthu akangodutsa ankamuyeza ndi maso osaphonya. Amuna ake analowa ku Pumulani ali ndi makilo 54, zinalembedwa pakhadi lawo lakuchipatala. Kuchotsapo 20 kunali kutsala ndi thupi la mwana wa sitandade faifi.

Lamlungu lotsatira anapeza a Lufeyo atakhala pabenchi ya alendo, manja ali pamaondo. Anamasula kansalu ka mbatata, n'kutsegula botolo la chiponde. Iwo anayang'ana kumbali.

"Bwererani nazo, Nasimango. Fungo lokhalo likhoza kundinenepetsa."

"Mwayamba liti misala imeneyi, bambo a Tamala?"

"Lachitatu. Nyemba zanga ndikupatsa mnzanga wa zaka makumi atatu, iyeyo alibe chotaya. Ine ndikumwa madzi ndi kaphala pang'ono m'mawa."

"Lamulolo silinadutse n'komwe."

"Lidutsa. Linalephera liti lamulo lokhala ndi mwini wake?"

Nasimango anakalipa, anachonderera, anatchula Mulungu ndi makolo. A Lufeyo anamvetsera zonse mwaulemu monga mwa masiku onse, kenako anayankhula motsitsa kuti msilikali asamve.

"Ndatopa, mayi. M'chipinda chathu tilimo anthu makumi asanu ndi limodzi. Timagona chammbali, potembenuka timachita kuuzana. Mdzukulu wanga akuyenda, ine ndinangomuona pachithunzi ali wakhanda. Zaka zinayi zotsalazi sindingazithe. Makilo ndiwo ndingayesere."

Mbatata ija inadyedwa ndi msilikali wa pageti, amene anayamikira kuti inapsa bwino.

Miyezi isanu inadutsa aphungu akukanganabe, ndipo mwezi uliwonse Nasimango ankapeza amuna ake atachepa. Malaya a ku Pumulani anayamba kuwalendewera ngati ayanikidwa pawaya. Mawu awo anasanduka a nkhalamba. Mwezi wachinayi anabwera pabenchi atagwirira khoma, milomo itang'ambika, koma ali ndi chimwemwe cha munthu amene ntchito ikumuyendera. Sanali okha. Theka la Pumulani linali litasiya kudya, moti mkulu wa kumeneko analandira mendulo chifukwa chosunga nyemba za boma.

Kawiri konse Nasimango anavala chitenje chake chabwino n'kupita kukhoti kukanena zoona. Ulendo woyamba anafika pageti n'kubwerera. Wachiwiri analowa mpaka pakhonde, anamva kulira kwa unyolo wa anthu amene ankatsitsidwa m'lole, miyendo yake n'kumutembenuza yokha. Ankaopa, palibenso mawu ena okometsera. Mayi amene ankatha kukalipira alimi asanu nthawi imodzi ankaopa chipinda chogona chammbali, ndipo pobwerera kunyumba ankadzida njira yonse.

Kenako lamulo linadutsa, aphungu onse atavomera, kuphatikizapo awiri amene anali atamwalira. Wailesi inalengeza kuti kuyeza koyamba kudzachitika poyera, Loweruka m'mawa, pamsika wa Onjezani, kuti dziko lonse lione chilungamo ndi maso.

Panali kavuto kamodzi kamene wailesi sinanene. A Chikhutiro analowa ku Pumulani ali ndi makilo 152, ndipo chakudya chawo chinkachokera kunyumba yachifumu katatu patsiku, m'miphika yokutira ndi nsalu. Alembi a a Gwedeza anawayeza mobisa pa masikelo khumi ndi limodzi, ndipo onse anaonetsa mzimu wotsutsa boma. Ina inati 150, ina 151, ina ya kuchipatala inachita mwano mpaka 156. A Nduna analamula kuti pafunidwe sikelo yomvetsa cholinga cha lamulo. Anaifuna m'maofesi monse, mpaka mlembi wina anakaipeza m'chipinda chosungira katundu wa umboni kukhoti, pansi pa njinga zakuba.

Loweruka msika unadzaza usanatsegulidwe. Anamanga nsanja, anaika mipando ya masofa, bandi ya apolisi inafika ndi malipenga atatu amene ankalirabe. Sikelo anaikoloweka pamtanda wachitsulo pamene a Sumani ankapachika ng'ombe, ndipo kumunsi kwake anamangako chiguduli cha belo la fodya choti munthu azikhalamo. Nasimango anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Atangokweza maso anaizindikira. Galasi lake linali long'aluka pakona, ndipo pangowe panali waya wofiira amene anamanga yekha ndi manja ake.

"Si yako ija?" ananong'ona Jeniva.

"Khala chete."

Mfumu sinabwere, inatumiza chithunzi chake, chimene anachikhazika pasofa yapakati n'kuchifunditsa ambulera. A Gwedeza anayankhula ola limodzi ndi theka za chifundo cha Mfumu. Atatha, anaitana mlendo woyamba, amene anati wasankhidwa mwamaere.

A Chikhutiro anatsika m'galimoto atavala malaya a ku Pumulani osokedwa ndi telala wa kunyumba yachifumu. Asilikali anayi anawanyamula n'kuwakhazika m'chiguduli. Mtanda unalira, a Sumani anatseka maso kupempherera chitsulo chawo. Muvi unazungulira, unanjenjemera, n'kuima.

"Makilo 129!" anafuula mlembi. "Ataya makilo 23. Alapa mopitirira muyeso."

Bandi inaimba. A Chikhutiro anapempha kuti anenepo mawu ali m'chigudulimo, miyendo ikulendewera.

"Abale anga, zimene ndaona m'katimo sindingafunire ngakhale mdani wanga. Masiku ena nyama inkafika itazizira. Koma ndilibe mangawa ndi munthu. Onse amene munandinenera zoipa pa nkhani ya mlatho ndakukhululukirani, ndi amene anamira omwe."

Anawatsitsa, n'kuwaperekeza kusofa ya pafupi ndi chithunzi cha Mfumu. Galimoto yowatengera kwawo inali italiza kale injini, mbuzi ziwiri zitamangidwa kumbuyo.

Kenako anayamba kukweza alendo wamba, amene anabwera nawo pa lole. Wakuba nkhuku anataya makilo asanu ndi anayi. Mchimwene wake wa Jeniva anataya khumi ndi imodzi, n'kukomoka akutsika. Mnyamata wina amene analowa akudwala n'kuchirira m'katimo anapezeka atawonjezera kilo imodzi ngakhale pasikelo imeneyo, ndipo a Nduna anamudzudzula pamaso pa anthu chifukwa chosangalala ndi katundu wa boma.

A Lufeyo anali wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Msilikali mmodzi yekha anawanyamula, ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mfuti. M'chigudulimo munangooneka mutu ndi mawondo.

"Makilo 38. Ataya 16," anatero mlembi. "Achotseredwa miyezi 16. Zatsala zaka ziwiri ndi miyezi itatu."

"Mwayesetsa, bambo," anatero a Gwedeza mokoma mtima. "Kulapa kukuoneka ndithu, koma kwatsala makilo anayi kuti mupite kwanu. Limbikirani. Tidzayezanso pakatha miyezi itatu."

A Lufeyo anasuzumira pamwamba pa chiguduli, anafunafuna m'gulu la anthu mpaka anapeza mkazi wawo. Anamwetulira, n'kukweza zala zinayi.

"Anayi okha, Nasimango."

Kumwetulirako n'kumene kunamuthyola. Iye ankadziwa kuti munthu ameneyu akanena chinthu amachita, ndipo ankaonanso ndi maso ake a pamsika kuti pathupi limenelo panalibe makilo anayi oti n'kuchotsa. Miyezi itatu ikadzatha akanadzalandira bokosi lopepuka. Sanaganize zambiri. Anangozindikira ali pakati pa bwalo, atagwada monga mwa mwambo, koma mawu ake ali a pamsika.

"Zikomo a Nduna, ndili ndi kafunso. Sikelo iyi ndi yachilungamo?"

"Mayi, imeneyi ndi sikelo ya Mfumu."

"Ndamva. Chifukwatu sikelo yomweyi ndi imene inamangitsa bambo ali m'chigudulimo. Khoti linati ndi yakuba, imadya makilo asanu ndi awiri pathumba lililonse. Nambala ya mlandu ikadali pachikwangwani chomata kumbuyoko, mlembi wanu awerenge. Ndiye mundithandize, ine sukulu sindinapite patali. Ngati ndi yachilungamo, amuna anga alibe mlandu, atsike tizipita. Ngati ndi yakuba, bwana ali pasofawo abwerere m'chiguduli tibwereke sikelo ya a Sumani."

Woimba lipenga wina anatsitsa lipenga lake pang'onopang'ono. A Chikhutiro anasiya kutafuna. A Gwedeza anayang'ana mlembi, mlembi anayang'ana kumbuyo kwa sikelo, n'kuyang'ana pansi. Akuluakulu a pansanja anasonkhanitsa mitu pamodzi kwa mphindi khumi, akumacheukira chithunzi cha Mfumu ngati chingawathandize. Kenako a Nduna anabwerera pa maikolofoni nkhope ili ngwee.

"Mayiyu wafunsa bwino, ndipo yankho lake likuonetsa kukoma kwa lamulo lathu. N'zoona, sikelo iyi inali yakuba pa nthawi imene inagwidwa. Khoti silinalakwe. Koma yakhala m'manja mwa boma zaka ziwiri ndi miyezi isanu, m'chipinda chotseka, yopanda kuyeza kanthu. Yalingalira za moyo wake. Lero ndi sikelo yosinthika. Ngati munthu amalapa, sikelo ingalephere bwanji?"

Aphungu a pansanja anamenya manja a masofa. M'gulu la anthu wina anayamba kuseka, kuseka kunafalikira mpaka kumabenchi a usipa, ndipo mkulu wa apolisi analamula bandi kuti iimbe mokweza. A Chikhutiro anakwera galimoto nyimbo isanathe, mbuzi zikulira kumbuyo.

Nasimango anakhalabe chogwada. Nzeru zake zonse za pamsika zinali zitathera pamenepo, ndipo msilikali anali atayamba kale kutulutsa a Lufeyo m'chiguduli kuti awabwezere pa lole. Chinatsala chinali chinthu chimodzi chokha, chomwe chija chinamubweza kawiri kukhoti. Mantha anali pomwepo, sanapite kulikonse. Anadikira kuti malipenga apume, n'kuimirira.

"Chabwino, a Nduna, sikelo yalapa. Koma amene anaiphunzitsa kuba sanalape, ndipo si bamboyo. Ndine. Chubu ndinadula ndekha, ndinamanga ndekha katatu kuseri kwa sipuling'i. Amuna anga sadziwa ngakhale potsegulira pake. Munamanga munthu wosoka maambulera."

"Nasimango, khalani chete," anatero a Lufeyo, ndi mawu onse amene anali nawo.

"Ndinakhala kale chete kukhoti kuja, bambo a Tamala. Zakwana."

"Mayi, mlandu umafuna mboni," anatero a Gwedeza. "Alipo angaikire umboni kuti mayiyu ndi wakuba?"

Chiyambire ufumu wa Zilibwino, boma linali lisanafunsepo funso limene anthu analiyankha ndi mtima wonse ngati limeneli. Manja anakwera msika wonse. Alimi a soya, a nandolo, a mtedza, ena amene anangogulitsapo kamodzi zaka zisanu zapitazo, onse anakankhana kuti aoneke.

"Ndi yemweyo, bwana," anatero mlimi wina wokalamba, atavula chipewa. "Anandiuza kuti soya wanga wapepuka ndi feteleza, pomwe ine feteleza sindinamuonepo. Koma bamboyo ayi. Bamboyo anandisokera ambulera ulere."

A Gwedeza anayang'ana a Lufeyo, amene anali atatsamira mwendo wa msilikali kuti asagwe. Anayang'ananso Nasimango kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanali munthu wachifundo, koma ankadziwa kuwerengera za mawa. Maliro a mlendo m'miyezi itatu yoyamba akanaipitsa dzina la lamulo lawo, ndipo azungu a mlatho aja anali asanasiye kufunsa mafunso. Lamulolo linkafunika anthu oti angathe kuonda osafa.

"Mlembi, pa fomu pali mizere ingati ya dzina la wolakwa?"

"Umodzi, bwana."

"Ndiye boma silingasunge anthu awiri pamzere umodzi. Fufutani, mulembe mayiyu. Zaka zisanu ndi chimodzi kuyambira lero. Zimene bamboyu wakhala kale sitibweza, azitenge ngati mphatso ya Mfumu. Mlendo watsopano ayezedwe polowa."

"Pepani bwana," analowererapo Jeniva, atagwada mwaulemu woposa muyeso, "mwambo wathu kuno, mnzathu akamapita kutali timatsanzikana naye kuseri. Mphindi zochepa chabe."

Amayi a pamsika anamuzungulira Nasimango kuseri kwa benchi ya tomato, atatambasula zitenje ngati mpanda. Wina anabwera ndi chigubu cha thobwa cha malita asanu, wina chinangwa chophika, wina zitumbuwa mbale yonse. A Sumani anapatsira mutu wa nkhwangwa pansi pa benchi osayang'ana, ndipo Jeniva anaumangirira m'chiuno mwa mnzake ndi mpango.

"Imwa, mwali, usapume," ankatero Jeniva, misozi ili m'masaya. "Kilo iliyonse ya lero ndi mwezi wako."

Nasimango anamwa mpaka maso anafiira. Anabwerera pabwalo akuyenda ngati wonyamula mtsuko wodzaza, ndipo asilikali atatu anamukweza m'chiguduli. Sikelo yake yomwe inamuyeza, n'kumubera monga inkabera aliyense. Mlembi analemba makilo 91.

Anamulola kuyankhula ndi amuna ake pafupi ndi lole. A Lufeyo anali atakhala pathumba la nandolo, atavala jekete la a Sumani pamwamba pa malaya a ku Pumulani, akunjenjemera ngakhale dzuwa linali pamutu. Nasimango anagwada kuti maso awo alingane.

"Mukafika musayambe ndi zolimba. Phala lamadzimadzi masiku atatu, pang'onopang'ono, kenako muzithira nsinjiro. Tamala abwere adzakhale nanu, mdzukulu uja mumuone akuyenda. Kiyi ali pansi pa mtondo. Mwamva?"

"Mwachitiranji zimenezi?"

"Mlandu ndi wanga. Ndinachedwa nawo, mundikhululukire."

A Lufeyo anagwira dzanja la mkazi wawo ndi zala zawo zouma, analitembenuza, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Msilikali anamenya mbali ya lole ndi chikhatho kuti nthawi yatha.

"Makilo 20 si masewera, Nasimango. Ine ndawayesa. Inu chikwatiranireni sindinakuonenipo mutadumphitsa chakudya ngakhale tsiku la maliro. Mukaonda bwanji?"

Nasimango anaimirira, anakonza mpango wa m'chiuno kuti nkhwangwa isagwe, n'kuponda tayala la lole.

"Kwathu tinabadwa asanu ndi anayi, chaka cha njala tinatsala anayi. Kuonda ndimakudziwa, bambo a Tamala. Ndinangosiya."